Makina a m'kabati ya Mayi Kawiri

Dzina lakuti Mayi Kawiri sanachite kulipempha, ndipo poyamba ankakwiya nalo, koma m'kupita kwa zaka linawakhala. Makiyi a nyumba anali nawo awiriawiri. Magalasi a maso awiri, ena pamphuno, ena m'chikwama. Mukawauza nambala ya foni ankailemba m'foni, kenako n'kutulutsa kabuku n'kuilembanso ndi bolopeni, inu muli chiimire kudikira. Anthu ankaseka, eya, ndipo ena mwa osekawo ndi omwe Lolemba lina anadzaima pamzere pakhomo pawo, manja ali m'khosi, kufunsa ngati zithunzi zawo zapulumuka. Koma tsikulo mayiwo mtima wawo unali pa chithunzi chimodzi chokha, chawo chomwe, ndipo kuti mumvetse chifukwa chake tiyambire kumbuyo pang'ono.

Ali mtsikana ankafuna unamwino, osati kufuna kwa masewera ayi. Miyendo ya mipando ya kwawo inatha kumangidwa mabandeji a nsanza. Mayeso a sekondale anakhoza bwino, satifiketi n'kuibisa pansi pa sutikesi ya katoni, pakati pa zovala, malo omwe ankati ngotetezeka kuposa onse. Chaka chimenecho denga linadontha pakona pomwe panali sutikesiyo, mlungu wathunthu popanda wodziwa. Kalata itabwera yowaitana ku sukulu ya anamwino, yonena kuti abwere ndi satifiketi yeniyeni, anatsegula sutikesi n'kupeza pepala litasanduka phala. Ku ofesi ya mayeso anawauza kuti abwere mwezi wa mawa. Mwezi wa mawa anati wosaina wachokapo. Satifiketi ina inatuluka patatha chaka ndi miyezi isanu, malo atapita kalekale, bambo awo ali chigonere, iwo atalowa kale ntchito yotayipa makalata. Zimenezi zinawapweteka moyo wawo wonse, ndipo sankabisa.

Ku ntchito yotayipayo ndi komwe anadziwana ndi kaboni, kapepala kakuda kaja koika pakati pa mapepala awiri kuti ukamenya chilembo chimodzi chituluke pawiri. Anaikonda kaboni ngati mbale wawo. Kumenekonso ndi komwe anaonedwa ndi mnyamata wina woperekera zakudya mu hotela ya tsidya lina la msewu, yemwe anzake ankamutchula kuti Simbi chifukwa ankasita chilichonse, mpango wa m'manja, masokosi, ngakhale zingwe za nsapato akanatha. A Simbi anali munthu wa mawu ochepa ndi malaya osalala. M'thumba la malaya sankaikamo kanthu, bolopeni ayi, tikiti ya basi ayi, ati thumba limalendewera. Anakwatirana, n'kubereka mwana mmodzi yekha, wamkazi. Abale ankati chinthu chokhacho chimene Mayi Kawiri analephera kukhala nacho pawiri ndi mwana, ndipo nthabwala imeneyi mayiwo sankaiseka.

Makina otayipira atatha ntchito m'maofesi, alamu awo, mng'ono wa a Simbi, anawaitana kuti adzawathandize ku situdiyo yawo yojambula zithunzi. Chinali chipinda chimodzi chachitali, pansi pa saluni. Kutsogolo kauntala ndi benchi. Pakati nsalu yabuluu ya mitambo, mpando wopaka utoto wa golide wokhalapo akwati, ndi jekete imodzi yobwereketsa aliyense wofuna chithunzi cha pasipoti, wonenepa ndi wowonda yemwe. Kumapeto, kuseri kwa katani, tebulo la kompyuta. M'kompyuta imeneyo munali zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri za anthu: maukwati, maubatizo, makanda atagonekedwa chamimba, agogo omwe pano kulibe. Munthu akamwalira abale ankathamangira kumeneko kudzafuna chithunzi choika pa bokosi, ndipo Mayi Kawiri ankachipeza iwo asanamalize kufotokoza za matenda.

Tsiku loyamba lenileni, asanaike n'komwe chikwama pansi, anayang'ana kumwamba. Pa siling'i, pamwamba penipeni pa tebulo la kompyuta, panali banga lofiirira lalikulu ngati chivindikiro cha mphika. Kumwambako ankamva mapazi a atsikana a mu saluni ndi madzi akuyenda m'mapaipi. Mtima unangoti myuu, sutikesi ija n'kubwera m'maso.

"Alamu, zinzake za zithunzizi zili kuti?"

"Zinzake ziti?"

Basi, nkhondo inayambira pomwepo. Alamuwo anali munthu wa luso pa kamera, wotha kuseketsa ngakhale mwana woopa alendo, koma pa zinthu zina anali wosasamala koopsa. Anati bangalo analipeza lili pomwepo, silinakulepo, ndipo kompyuta yawo sinadwalepo ndi chimfine chomwe. Mayi Kawiri anawakumbutsa m'mawa, masana, ndi pa nthawi ya tiyi, miyezi inayi osapumira. Tsiku lina alamu analowa akumwetulira, n'kutulutsa kabokosi kakuda m'pepala. Anati ndi disiki yosungira, zonse za m'kompyuta zizikoperedwa m'menemo, zili pawiri tsopano, awapumitse. Anakalumikiza ndi kachingwe kakafupi n'kukakhazika pamwamba pa kompyuta yomweyo, pansi pa banga lomwelo, n'kupukuta m'manja ngati munthu womaliza ntchito yaikulu.

Mayi Kawiri anayang'ana kabokosi, anayang'ana siling'i, anayang'ana alamu awo. Anawafunsa ngati madzi akamagwa adzayambe afunsa kuti choyamba n'chiti, chachiwiri n'chiti. Alamu anati pali anthu ena oti ngakhale utawapatsa mwezi adzafunsa kuti unzake uli kuti.

Amene anathetsa mkanganowo ndi a Mawaya, bambo wamkulu thupi wopuma mokweza, yemwe kale ankakonza mawailesi ndipo mawailesi atachepa anasamukira ku makompyuta. Anabwera kudzakonza pulinta, n'kumva zonse ali chogwada pansi pa tebulo. Atadzuka anati mayiwa akunena zoona. Anafotokoza kuti makina achiwiri ayenera kukhala m'nyumba ina, kutali, pansi pa denga lina, ndipo sipafunika munthu wonyamula zithunzi kupita nazo. Chilichonse cholowa m'kompyuta ya mu situdiyo chimanyamuka chokha kudzera pa intaneti n'kukakhala kumeneko. Alamu anali asakumvabe, ndiye a Mawaya anati zili ngati kutayipa pepala kuno, linzake n'kumalembeka lokha ku mbali ina ya tauni.

"Kaboni!" anatero Mayi Kawiri, ataimirira osadziwa.

Mukanawaona tsiku limenelo! Anagwira dzanja la a Mawaya ndi manja onse awiri, girisi ndi fumbi zomwe. A Mawaya atanena kuti pakufunika nyumba ya magetsi, ya intaneti, komanso ya munthu wosamala, mayiwo anali atanyamula kale chikwama. Loweruka lomwelo anatulutsa m'kabati ya pabalaza mbale za maluwa zomwe analandira pa ukwati wawo, zosadyerapo ndi kamodzi komwe, n'kupukuta shelefu yapakati. A Mawaya anaboola kumbuyo kwa kabati kuti padutse zingwe, a Simbi akuyang'ana kumbali ngati akuboola iwowo. M'menemo munalowa bokosi lotuwa, lopanda sikirini, lopanda phokoso, lokhala ndi kanyali kamodzi kobiriwira. A Mawaya anati kanyaliko kakangoyaka phee, ndiye kuti zonse zafika. Kakamaphethira, zithunzi zili m'njira. Zimabwera mwa mzere, choyamba kujambulidwa n'kukhala choyamba kufika, ndipo ndi intaneti yaulesi ya kumeneko zithunzi za ukwati umodzi zimatha kuyenda kuyambira masana mpaka dzuwa kulowa.

Lolemba anayesa. Alamu anajambula a Mawaya akutafuna buledi, n'kuika chithunzicho m'kompyuta. Mayi Kawiri anatenga laputopu ya alamu, yomwe inkakhala m'chikwama cha makamera, n'kukwera njinga yamoto, kumuuza woyendetsa kuti athamange ngati akukapulumutsa munthu. Anafika, analumikiza monga anawaphunzitsira, ndipo a Mawaya anali kale m'kabatimo, masaya ali tutumu ndi buledi. Chithunzi chinafika iwo asanafike! Anakuwa okha pabalaza mpaka mayi woyandikana nawo anabwera akuthamanga, kuyesa kuti kwagwa zovuta. Mlungu wonsewo aliyense wolowa mu situdiyo anamva nkhaniyi, wofuna ndi wosafuna, ngakhale munthu wongofunsa njira.

Koma munthu amene anatayipa zaka makumi awiri amadziwa chinthu chimodzi chimene a Mawaya sanachinene. Kaboni ukaiika chozondoka, umatha kumenya tsamba lonse mokondwa, pepala lachiwiri lili mbee. Ndiye wotayipa wanzeru amakweza kangodya ka pepala n'kusuzumira. Mayi Kawiri anakhazikitsa lamulo lawo. Lolemba loyamba la mwezi uliwonse, m'mawa, ankapita kuseri kwa katani, kuzimitsa kompyuta ya mu situdiyo n'kuzula chingwe chake, kenako kulengeza mokweza kuti situdiyo yapsa. Apo alamu ankayenera kusiya tiyi, kutenga laputopu, kupita kunyumba kwa mkulu wawo, kutulutsa pulinta yakale yomwe mayiwo anaisunga kunsi kwa bedi, n'kusindikiza chithunzi chilichonse chimene Mayi Kawiri atchule. Alamu ankadana nalo tsikuli koopsa. Ankati mawu otero amaitana tsoka, ndipo ndi situdiyo iti pa dziko lino imene imapsa kakhumi ndi kawiri pa chaka. Koma ankapita, akung'ung'udza njira yonse.

Mwezi woyamba zinayenda. Wachiwiri zinayenda. Wachitatu Mayi Kawiri anatchula ukwati wa mlungu wathawo, alamu anafufuza, mulibe. Anatchula ubatizo wa mlungu winawo, mulibe. Chithunzi chomalizira kufika chinali cha masabata atatu apitawo. Mayiwo anatsegula kabati, kanyali kali zii. Anasuzumira kumbuyo, n'kupeza pulagi ya makina ili pansi m'fumbi, ndipo m'soketi mwake muli pulagi ya simbi.

Soketi ya kuchipinda inali itapsa, ndiye a Simbi, omwe panthawiyi n'kuti atapuma ntchito, anasamutsira kusita kwawo pabalaza. Anaona chinthu chosaimba, chosatentha, chosaziziritsa madzi, n'kuganiza kuti chingathe kudikira. Mayi Kawiri anapsa mtima ndithu, ndipo anayankhula zambiri, pamaso pa mng'ono wa amuna awo. Anati munthu wamkulu angataye maukwati a anthu chifukwa cha masokosi. Anati moyo wawo wonse akhala akupikisana ndi simbi m'nyumba muno. Anawakokera pa kabati n'kuwalozera kanyali, kamene tsopano kanali kayamba kuphethira mothamanga.

"Kakamachita chonchi, zithunzi za anthu zili m'njira. Mukazula, zafera panjira. Mwamva?"

"Ndamva," anatero a Simbi, n'kukulunga chingwe cha simbi yawo mwaudongo.

Tsiku lomwelo mayiwo anaitana wamagetsi kudzakonza soketi ya kuchipinda, pulagi ya makina n'kuimata ku khoma ndi selotepi yambirimbiri. Mawu aja anadziwa kuti anapyola muyeso, koma kupepesa sikunali luso lawo, ndipo a Simbi sanaitchulenso nkhaniyo.

Tsopano mwana uja. Kuyambira ali wamng'ono ankamva za sutikesi, ndipo palibe anamukakamiza, koma atamaliza sekondale anapita ku sukulu ya anamwino. Satifiketi yake inali ndi mafotokope asanu ndi limodzi m'nyumba zinayi zosiyana. Zaka zinatha, ndipo tsiku lomaliza maphunziro linagwa Loweruka. Mayi Kawiri mlungu wonsewo mapazi sankagunda pansi. Anasoketsa madiresi awiri ofanana kuopa kuti lina lingathiridwe tiyi. Mu holo anakhala kutsogolo, ndipo dzina la mwana wawo litaitanidwa anaimirira n'kuuza anthu osawadziwa a mzere wonsewo kuti ameneyo ndi wawo. Alamu ankangothamanga uku ndi uku, kamera ili thwa thwa, zithunzi mazana anayi ndi kuposa.

Atatuluka panja, anthu akubalalika, alamu akulongedza kale, mtsikanayo anavula kachipewa koyera ka unamwino n'kukaika pamutu pa mayi ake, n'kukamanga bwinobwino ndi mapini ake.

"Amayi, aka n'kanu. Kanangochedwa."

Mayi Kawiri analira pomwepo ngati mwana, pakamwa pali yasa, osasamala za anthu. Alamu anakweza kamera n'kujambula kamodzi, ndipo batire linathera pomwepo. Mayiwo atapukuta misozi anafunsa kuti atenga zingati. Alamu anati chimodzi, koma chabwino kuposa zonse zimene anajambulapo. Chimodzi! Mayi Kawiri anawalamula kuti asapatuke pena paliponse, apite molunjika ku situdiyo. Alamu anamvera. Cha m'ma 2 koloko anakopera m'kompyuta zithunzi zonse za m'makadi a kamera, n'kuisiya ikuyaka kuti zithunzi ziyambe ulendo, anakhoma chitseko, n'kubwera ku phwando kunyumba kwa mkulu wawo.

Phwandolo linali phwando. Abale a mbali zonse, anzake a mtsikanayo, a kutchalitchi, oyandikana nawo, ndi ena omwe mpaka lero palibe akudziwa kuti anaitanidwa ndi ndani. Mayi Kawiri anali panja, pakati pa miphika ndi alendo, kuvina ndi chipande m'manja. Mnyamata wa zoimbira atafika ndi masipika ake kufunsa za magetsi, anangomulozera m'nyumba osatembenuka. Chimodzi chokha chinawawononga mtima. Nthawi iliyonse akalowa pabalaza ankapeza a Simbi atakhala pa mpando pakona, pafupi ndi kabati, msana uli njo, suti yosalala, mbale ili pamaondo. Alendo akuwafuna panja, iwo ali pomwepo. Inakwana nthawi yoti mtsikanayo avine ndi bambo ake, anthu akuomba m'manja, akuitana, ndipo a Simbi anangokweza mpango n'kuugwedeza ali chikhalire. Mtsikanayo anavina ndi bambo ake aang'ono, alamu aja. Mayi Kawiri anachita manyazi, kenako mkwiyo. Mwana mmodzi yekha, tsiku limodzi lokha, munthu n'kumaopa kuti buluku lake lingachite makwinya! Bambowo anadzuka mdima utayamba, nyimbo zitatha, alendo akutsanzika. Lamlungu lonse mayiwo sanawayankhule, ndipo kapu ya tiyi anaiika patebulo mogunditsa.

Lolemba m'mawa, akukhota pakona ya msewu, anaona anthu ataunjikana pakhomo pa situdiyo. Pansi pa chitseko pankatuluka madzi, n'kumatsetsereka mpaka m'ngalande. Alamu anali atatsegula kale. Siling'i yonse ya kumapeto inali itagwa. Jekete ya pasipoti inali pansi m'matope oyera, nsalu ya mitambo ikudontha, ndipo pa tebulo paja kompyuta inali itakwiririka ndi zidutswa zonyowa, kabokosi kakuda kaja kali pamwamba pake, zonse ziwiri zitamwa madzi limodzi mogwirizana.

Mwini saluni anali pa masitepe akulira. Loweruka madzi anasiya kutuluka m'mipope, ndiye atsikana ake anatsegula mipope yonse kuyesa, n'kuweruka 5 koloko osaitseka. Mlonda wa sitolo yoyandikana anati madzi anabwera dzuwa lisanalowe, ndipo cha m'ma 7 koloko anamva kuti phu m'situdiyo, n'kumva fungo la mawaya opsa. Alamu anali atakhala pa benchi yonyowa, osamva n'kunyowa komwe.

"Makadi a Loweruka aja, alamu?"

"Ndinafufuta dzulo m'mawa. Kunali ubatizo."

Mayi Kawiri anayamba kuwerengera m'mutu. Kuyambira 2 koloko mpaka 7 koloko. Zithunzi mazana anayi, intaneti yaulesi ija, ndipo chawo chinali chomalizira pa mzere. Zikanatheka pokhapokha makina a m'kabati atayaka nthawi yonseyo osazima ndi pang'ono pomwe. Kenako anakumbukira nyumba yodzaza anthu, aliyense ndi foni yake yofuna kutchaja, ndi mnyamata wa masipika uja amene iwo eni anamulozera pabalaza. Anachita mantha kwambiri.

Koma chodabwitsa n'chakuti pansi pa manthawo panabwera chinthu china, chotentha, chokhala ngati chimwemwe. Tsiku limene analikonzekera zaka zonsezi linali lafika, ndipo ankadziwa chochita, sitepe ndi sitepe. Anang'amba katoni youma, n'kulembapo ndi zilembo zikuluzikulu kuti ofuna zithunzi apite kunyumba kwawo, n'kujambulapo njira. Anaimata pachitseko. Kenako anaima pamaso pa alamu awo.

"Dzukani, alamu. Situdiyo yapsa."

Alamu anakweza maso, ndipo thupi lawo linadzuka lokha, poti linali litazolowera. Chikwama cha laputopu paphewa, njinga zamoto ziwiri, mayiwo patsogolo akumenya woyendetsa paphewa kuti awonjezere moto.

Kunyumba anapeza mtsikana akutsuka miphika ya phwando, a Simbi akusita kuchipinda. Mayi Kawiri anathamangira pa kabati. Kanyali kanali kuyaka phee. Koma kumbuyo, selotepi ya pa pulagi inali itamatulidwa theka, ikulendewera. Anakodola alamu kuti abwere ndi laputopu. Alamu analumikiza chingwe. Zaka zinayamba kutuluka pa sikirini, chimodzi chimodzi, zonse popanda chosowa, ndipo alamu anayamba kuseka ndi kulira nthawi imodzi. Mayiwo anati zimenezo aziona bwino, atsegule za Loweruka. Holo, mizere ya zipewa zoyera. Zana loyamba. Mtsikana akukwera pa nsanja. Lachiwiri. Lachitatu. Anthu akutuluka panja. Alamu anatsitsa mpaka pansi penipeni, chala n'kuima.

Anali iwowo, pakamwa pali yasa, misozi mbwee, kachipewa koyera kali pamutu mopendekeka, manja a mwana wawo akadali pa mapini. Pambali pake makina anali atalemba nthawi imene chinafika, 6:47 madzulo.

Phokoso limene Mayi Kawiri anachita, mayi woyandikana nawo uja anabweranso akuthamanga. Anakumbatira alamu, anakumbatira laputopu, anavina kuzungulira tebulo nsapato zili chinyowere. Atapuma analoza selotepi ija n'kufunsa kuti ndani anaigwira. Mtsikana anayang'ana mayi ake modabwa, n'kufunsa ngati sakudziwadi. Anati mnyamata wa zoimbira anali atayamba kale kumatula, poti soketi imeneyo ndi yomwe inali pafupi ndi zenera, ndipo ababa anamumenya padzanja ndi mpango n'kumutumiza kukakoka magetsi kwa oyandikana nawo. Kenako anabwera azakhali ndi foni yawo, kenako abusa, kenako asuweni atatu. Ababa ataona choncho anangokoka mpando n'kukhala kutsogolo kwa soketiyo. Iye atapita kukawakoka kuti akavine, anamunong'oneza kuti sangachoke, ndipo iye anamvetsa.

A Simbi anali ataima pakhomo la kuchipinda, malaya osita ali pamkono.

"Kankaphethira," anatero. "Munati kakamaphethira, zili m'njira. Kanasiya mdima utayamba."

Mayi Kawiri anayang'ana amuna awo. Anakumbukira mbale pamaondo, mpango ukugwedezeka, kapu yogunditsa ija. Manyazi anawagwira kuyambira kumapazi. Anapita pomwe anaima amuna awo, pamaso pa alamu ndi mwana, n'kunena kuti pepani bambo, ndinakulakwirani, kawiri konse. A Simbi anati palibe kanthu, koma nsapato zonyowazo zikuwononga kapeti.

Isanakwane 10 koloko anthu anali atayamba kufika, kutsatira katoni ija. Mkwatibwi wa mlungu wathawo, maso ali psuu. Bambo wofuna chithunzi cha malemu mayi ake. Ena ongofuna kuona ndi maso awo kuti n'zoona. Aliyense ankatchula dzina ndi chaka, Mayi Kawiri n'kumutembenuzira sikirini, ndipo pabalaza pankamveka kukuwa kwatsopano. Pulinta yakale inatuluka kunsi kwa bedi n'kuyamba kulira. Nsalu ya mitambo anaichapa n'kuiyanika, a Simbi n'kuisita mbali zonse ziwiri, ndipo pofika madzulo munthu woyamba anali atajambulitsa cha pasipoti pabalaza pomwepo, atavala jekete ya a Simbi. Situdiyo inakhala m'nyumbamo masabata asanu. Ndipo musaganize kuti mayiwo anapuma. Masana a Lolemba lomwelo anaima mwadzidzidzi pakati pa anthu, atazindikira kuti tsopano zithunzi zonse zatsala pamalo amodzi okha. Anaimbira a Mawaya kuti abwere ndi makina ena lero lomwe, ndipo aganizire nyumba yachitatu. Ulendo uno alamu sanatsutse.

Anthu atatha, anasindikiza chithunzi chija. Ziwiri, mwachidziwikire. China anachikuta ndi pulasitiki n'kuchiimika m'kabati, pambali pa kanyali kobiriwira. Chinacho anali atakonza zokachisungitsa kwa mchemwali wawo, kutali, pansi pa denga lina, monga mwa lamulo lawo. Koma anachigwira kanthawi, n'kuchipereka kwa a Simbi.

Bambowo anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatsegula thumba la malaya awo, lomwe zaka makumi atatu silinalandirepo ndi tikiti ya basi yomwe, n'kuchilowetsamo. Chinali chachikulu pang'ono, ngodya inatulukira kunja, ndipo thumba linalendewera. Sanalikonze.